Chimene Chinkalira M'denga la Jasten

Pulazi ya Miyala Iwiri, Arcturus
19 Okutobala 1958

Alamu anga a William,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Harari, inu ndi makina anu osokera aja? Ine thupi lili bwino, koma m'nyumba muno mwazizira. Mlongo wanu Keziya anachoka Lachinayi pa lole ya mkaka, ine ndili kumunda kokawokeretsa fodya. Pobwera masana ndinapeza mbale zotsuka bwinobwino, kiyi ali pansi pa mwala, munthu palibe. Gray, dalaivala wa loleyo, ndiye anandiuza kuti anakamutsitsa pa Musika wa ku Harari. Tsono ndati ndifunse kwa inu ankhoswe ake. Anafika? Akudya?

Nkhani yake ndi yochititsa manyazi kuilemba, alamu. Mukudziwa kuti atandipatsa ukapitawo, mzungu anatichotsa kukomboni n'kutiika m'nyumba ya njerwa mmene munkakhala kamzungu kothandiza kaja. Nyumba ya malata, ya siling'i ya matabwa, yoti ngakhale inu a m'tauni simunagonemo. Ndiye m'siling'imo mwalowa changa. Changa basi, kanyama ka maso akuluakulu kamene tinkakagenda m'mikuyu tili ana. Dzuwa likangolowa kamayamba kulira, ndipo inu mukudziwa kuti changa amalira ngati mwana wakhanda. Keziya anakulira pa mgodi, sanakamvepo. Ndamuuza, ndamuuzanso, koma iye akuti ayi.

Ndikanabwera ndekha kudzamutenga, koma ino ndi nyengo yowokera. Mzungu wakana kundilembera pasi, ndipo apolisi a m'tauni mwanumo mumawadziwa mmene amachitira ndi munthu wopanda pepala.

Mulangizeni abwere. Nkhuku zake ziwiri zikufungatira, ndipo ine kuphika kwanga mukukudziwa, ngakhale galu amayamba wanunkhiza kaye. Kodi ukwati ungathe chifukwa cha changa? Anthu angatiseke mpaka ku Dedza.

Ndine mlamu wanu,
Jasten Kalino


Harari
26 Okutobala 1958

A Jasten,

Moni wanu ndalandira. Ife tili bwino. Keziya anafika, koma kudya sakudya, angokhala pakhomo n'kumayang'ana njanji.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndaona kuti mwasoka mbali imodzi yokha ya malaya. Mbali inayo ndisoke ine.

Mu Febuluwale mwana wanu woyamba anamwalira atakhala masiku awiri. Mu Epulo munalandira ukapitawo, kudumpha amuna atatu amene anayamba ntchito inu mukuyamwa. Mu Meyi munalowa m'nyumba ya njerwa. Mu Ogasiti chinthu chinayamba kulira m'denga ndi mawu a khanda. Mlongo wanga anapita ku shedi yosankhira fodya, nabwereka makwerero kuti aone yekha. Inu munamulanda makwererowo m'manja, mpaka anagwa pansi, ndipo tsiku lomwelo munakhomera kachitseko ka siling'i ndi misomali isanu ndi umodzi. Zimenezi bwanji simunazilembe? Mwandilembera za nkhuku!

Musandiuze kuti simukudziwa zimene akazi akunena pachitsime. Akuti Jasten anapereka mwana wake kuti apeze ukapitawo, ndipo amene akulira m'dengamo ndi mwanayo. Ine ndine munthu wa mpingo, zotere sindizithamangira. Koma ndifunseni ndi ine, munthu amakhomera misomali isanu ndi umodzi chifukwa cha changa?

Mawu anga ndi awa. Tsegulani siling'iyo masana, pamaso pa anthu, amayi a Tionenji alipo, popeza ndiwo anaika mwanayo. Ngati ndi changa, aliyense amuone, mlongo wanga abwerere mutu uli m'mwamba. Amalume athu a Lazalo akupita kumudzi pa 13 Disembala, pa basi yodzera ku Tete. Tsikulo likafika inu musanatsegule, Keziya apita nawo kwa amayi ku Dedza, ndipo inu mukudziwa kuti wopita njira imeneyo sabwerera msanga.

Sindikukudani, alamu. Koma mlongo ndili naye mmodzi.

William


Pulazi ya Miyala Iwiri
2 Novembala 1958

Alamu,

Moni. Kalata yanu yafika kudzera ku ofesi, kwa kalaliki wathu a Simao, monga afikira makalata onse.

Za makwerero ndi zoona, ndipo ndikupepesa. Za pachitsime ndi bodza loipa. Mwana wanga sindinamuchite kanthu, Mulungu ndi mboni.

Koma siling'i sindingatsegule pamaso pa anthu. Chifukwa chake sindingalembe. M'menemo muli changa, ndatero kale.

Mupereke moni kwa Keziya. Nkhuku imodzi yaswa anapiye asanu ndi atatu.

Jasten


Harari
16 Novembala 1958

Amuna anga,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ndipo mukudya. Achimwene sakudziwa kuti ndikulemba. Apita kukagula ulusi, ndiye ndakhala pa makina awo ndi pensulo. Kalata yanu yaifupi ija anaiwerenga mokweza, kenaka anaiponya pansi, ati onani kunyada kwa kapitawo. Ine ndinaitola.

Ndikufuna mumve kwa ine mwini, osati kwa achimwene kapena kwa akazi a pachitsime.

Mwana wathu anakhala masiku awiri. Masiku awiriwo ndinamva kulira kwake, ndipo ndimakudziwa monga ndidziwira dzina langa. Atatisiya, amayi a Tionenji ndi anzawo anamutenga m'mawa, akazi okhaokha monga mwa mwambo, kukamuika m'mphepete mwa dambo. Anandiuza kuti ndisalire. Ati wakhanda wotere samulirira ndipo samutcha dzina, ukalira sudzaonanso wina. Ndinameza misozi. Inu munadzuka n'kupita ku mabalani kukasonkhezera moto wa fodya, ati moto ukazima fodya awonongeka. Chichokereni tsiku limenelo simunamutchulepo mwanayo, ngakhale kamodzi. Ndinkakuyang'anani mukudya, n'kumadzifunsa kuti kodi bambo awa zinawakhudza?

Ndiye taganizani. Ndakhala m'nyumba yaikulu ija ndekha, kutali ndi anzanga a kukomboni, ndikusenda mbatata, dzuwa langolowa kumene, ndipo pamwamba pa mutu wanga mwana ayamba kulira. Mpeni unagwa. Mawere anga anayamba kuwawa, amuna anga, ngati kuti mkaka ukubweranso. Tsiku ndi tsiku zomwezo, miyezi iwiri.

Inu mukuti ndi changa. Mwina ndi changadi. Ine sindinanenepo kuti ndinu mfiti, ndipo mkazi wina atanena zimenezo pachitsime ndinamuthira madzi a m'ndowa. Chimene ndinafuna n'kungoona ndi maso anga, kuti mtima uleke kundiuza kuti mwana wanga ali m'mwambamo akundifuna. Inu munandilanda makwerero. Nkhope imene munali nayo tsiku lija sindinaionepo, inali ya munthu wogwidwa ndi mantha. Mukuopa chiyani m'nyumba yanu yomwe?

Ku Dedza sindikufuna kupita. Kumeneko ndinachokako ndili kumsana, sindidziwako ngakhale njira ya kumtsinje. Koma m'nyumba ya misomali sindibwereramo.

Anapiye muziwatsekera chifukwa cha akabawi.

Ndine mkazi wanu,
Keziya


Pulazi ya Miyala Iwiri
23 Novembala 1958

Keziya mkazi wanga,

Kalata iyi sindiitumiza kudzera ku ofesi. Ndiipereka m'manja mwa Gray kuti akupatse iwe mwini. A Simao amatsegula makalata athu ndi nthunzi ya ketulo, aliyense papulazi pano amadziwa, ndipo n'chifukwa chake kalata yanga ija inali yaifupi. Sikunali kunyada.

Kalata yako ndinaiwerengera kuseri kwa balani, ndipo anthu anga anayesa kuti fodya wandilowa m'maso. Tsopano imva zoona.

M'siling'i muli changa, komanso muli ng'oma ya malemu bambo anga a Bizwell. Ndi mbalule wawo wa gule wamkulu, amene anamunyamula pamsana kuchokera ku Dedza, wapansi, kudutsa ku Tete konse, ine ndisanabadwe. Ukukumbuka chaka chimene anthu anavina gule Loweruka ndi Lamulungu, Lolemba theka la komboni osafika kuntchito? Mzungu analamula kuti ng'oma zonse ziponyedwe m'ng'anjo ya balani, nanena kuti wopezeka nayo ina adzachotsedwa ntchito ndipo chitupa chake adzachilemba zoipa kuti asadzalembedwenso pena. Bambo anali atangomwalira kumene. Ine ndinaponyamo ng'oma zina ndi manja angawa, koma yawoyo ndinaibisa m'thumba, m'balani lakale losagwira ntchito. Titalowa m'nyumba ino ndinaikweza m'siling'i iwe uli ku chigayo.

Choipa chachikulu si chimenecho. Tikukonzekera ukwati wathu, a mvangeli anandifunsa iwe uli pambali panga ngati ndinasiya zonse za gule. Ndinati zonse zinapsa. Ndinanama, Keziya. Gule ndinasiyadi, koma ng'oma sindinathe. Bambo sanandisiyire munda, kapena njinga, ngakhale chithunzi. Pachikumba chake pali malo akuda pamene pankagunda manja awo. Tsono pamene unabwera ndi makwerero, ndinaona ntchito ikutha, mpingo ukundidula, ndi iwe ukundiyang'ana ngati wabodza. Ndinachita mantha, ndipo ndinakugwetsa. Manyazi ake sanandichokebe.

Wafunsa ngati za mwana zinandikhudza. Iwe anakuletsa kulira. Ine anandiletsa ngakhale kuona pamene anamuika, ati si za amuna. M'mawa uja sindinapite kukasonkhezera moto, ndinauza mnzanga Anesi kuti andigwirire. Ndinalowa m'balani lakale lija, ndinatulutsa ng'oma, ndinaika dzanja pachikumba osaimba, ndipo ndinakhala choncho mpaka masana. Ndinali nditaganiza kale kuti mwanayo akadzakula ndidzamuonetsa ng'omayo, ndidzamuuze za agogo ake. Dzina ndinamutcha, mumtima, ngakhale amaletsa. Sindinakuuze chifukwa ndinkaopa kukuliza.

Ukandiuza kuti ndiitenthe, ndiitentha. Koma yamba wandiyankha. Ndisatsegule pamaso pa anthu a kukomboni, chonde, ungobwera iwe, ndikugwirire makwerero ukwere wekha.

Mwamuna wako,
Jasten


Harari
3 Disembala 1958

A Jasten,

Moni. Ndamva tsopano kuti mlongo wanga anakulemberani mobisa pa 16 Novembala. Anakhuthula mtima wake wonse papepala, ndipo inu masabata awiri ndi theka mwangoti zii. Tsiku lililonse amapita kukafunsa ku positi, amabwerako manja ali lende. Dzulo wandiuza yekha kuti achimwene, ndipezereni malo m'basimo.

Malo ndapeza. A Lazalo anyamuka Loweruka pa 13, m'mawa. Ndikumusokera diresi yoti akafikire nayo kwa amayi, kuti asakaoneke ngati munthu wothamangitsidwa.

Ine ndinkakuyesani munthu, alamu. Katundu wake wotsala mutumize pa lole ya mkaka.

William


Arcturus, pa positi
8 Disembala 1958

Alamu a William, ndi iwe Keziya,

Moni nonse. Ndapalasa njinga kudzaponya kalatayi ndekha, ndipo ndikulembera pakhonde la positi, mundikhululukire malembo okhota.

Kalata yanu inafika Loweruka, ndipo ndinachita ngati ndalumidwa ndi mavu. Ine ndinayankha! Ndinayankha pa 23 Novembala! Ndinathamangira kwa Gray, ndinamupeza pansi pa lole, ndinamukoka miyendo. Iye ati pepani a kapitawo, kalata ili m'thumba la jekete, jeketeyo ndinaisiya kwa telala wina ku Harari kuti aike chigamba. Kwa telala, alamu! Mwina ndi mnzanu wa pakhonde lomwelo. Walumbira kuti akaitenga Lachinayi ndi kukupatsani. Ikafika muiwerenge, muli zonse. Mwachidule, chimene ndinkabisa m'siling'i ndi ng'oma ya gule ya malemu bambo, imene mzungu analamula kuti itenthedwe, imenenso ndinanamiza mpingo kuti inapsa.

Nditaona kuti masiku atsala asanu ndi awiri, ndinati ntchito ipite, mkazi asapite. Dzulo titaweruka kutchalitchi ndinaima pakhomo n'kuitana anthu onse kunyumba kwanga. Anabwera, ngakhale amene sapemphera. Amayi a Tionenji anakhala patsogolo, a Simao ali potero ndi pensulo yawo kukhutu, amuna ena atanyamula zibonga.

Ndinayamba kuzula misomali. Amayi a Tionenji anati, "Fulumirani a kapitawo, ife makosi atopa."

Ndinakwera. Fungo lake, alamu, lochita kutseka mphuno. Makoko a nkhuyu ali mbwee, matabwa onse mikodzo yokhayokha. Thumba lija linali litadyedwa, ndipo nditasuzumira kukamwa kwa ng'oma, maso awiri aakulu anandiyang'ana. Changa wamkazi, atadzipinda m'kati mwa ng'oma ya bambo anga, ndi tiana tiwiri tonga mbewa titamukakamira pamimba. Ndinavula jekete, ndinatseka kukamwako, ndinatsika nayo ng'oma yonse.

Mkulu wina amene ankavina ndi bambo anavula chipewa. Aliyense anaidziwa ng'omayo, ndipo onse anatembenukira kwa a Simao. Ine ndinati basi, chitupa changa chapita.

A Simao anasuzumira, anakanda kumutu ndi pensulo, ndiye anati, "Ine ndikuona chisa cha changa. Mzungu sanaletsepo zisa. Pali wina akuona china?"

Palibe anayankha. Kenaka pondidutsa anandinong'oneza kuti bambo awo nawonso anali oimba mbalule kwawo ku Angoniya, kufupi ndi Dedza. Munthu amene ndakhala ndikumuopa zaka zitatu!

Mwamuna wina anati tsono ndiwo zapezeka, nakweza chibonga. Amayi a Tionenji anamugwira dzanja. Anati, "Woyamwitsa saphedwa ine ndikuona." Anayang'ana tianato nthawi yaitali. Changayo analira kamodzi pomwepo, masanasana, ndipo akazi awiri anagwira pakamwa. Amayiwo anatembenuka nati, "Mwana wa Bizwell, tinakunenera zoipa. Ine ndinaziyamba pachitsime, ndipo mawa ndikazithetsa pachitsime pomwepo."

Achangawo sindikanatha kuwakhuthulira pansi, tianato sitinayambe kudumpha. Ndiye ndakweza ng'oma yonse mumkuyu wa kuseri kwa shedi, kutali ndi nyumba, ndaimangirira pamphanda ndi waya. Madzulo changa wamkaziyo anatuluka kukadya nkhuyu n'kubwereramo. Nthambi imene ankakwerera padenga lathu ndadula, bowo la pansi pa malata ndatseka ndi sefa, siling'i ndakolopa ndi phulusa. Mvula ya mwezi uno iononga chikumba cha ng'omayo, ndikudziwa. Iwonongeke.

Keziya, kachitseko ndakasiya kotsegula, makwerero ali pomwepo. Usakwere basi.

Jasten


Harari
12 Disembala 1958

Amuna anga,

Moni. Makalata anu onse awiri afika dzulo, ina pa positi, ina ndi Gray, ikununkha mafuta a lole. Telala wake ndi a Simeon, amene amasoka moyang'anizana ndi achimwene. Masabata awiri ndi theka kalata yanu inali kutsidya kwa msewu, itapachikika pamsomali, ine ndikuidutsa popita ku positi! Achimwene anamukalipira Gray mpaka anthu a pa Musika anasonkhana, kenaka anamugulira tiyi. Iwonso akuti pepani alamu. Sanalembe okha chifukwa akuti pensulo yawo yathyoka, koma ine ndikuiona ili bwinobwino.

A Lazalo apita okha mawa. Diresi ya ku Dedza ija ndivala pobwera kwanu.

Ndakwiya nanu, musayese kuti zatha. Miyezi iwiri munandisiya ndikumva mwana wanga akulira, chifukwa choopa kuti ndingakuoneni wabodza. Wabodza ndikanamukhululukira tsiku lomwelo. Zimenezi tidzakamba, ndipo mudzamva ndithu.

Koma ng'oma ya apongozi anga isanyowe. Pezani chidutswa cha lata muikhomere kadenga pamwamba pake lero lomwe, musadikire ine. Achangawo akadzakula n'kuchoka, mudzaitsitse tidzaisunge m'nyumba, pansi, pamene ndingaione posesa. Kwa a mvangeli tidzapita tonse. Bodza munalinena ine ndili pambali panu, zoona mudzazinenanso ine ndili pambali panu, ndipo chimene adzagamule tidzasenza awiri.

Ndikafika mudzandiperekeze ku mkuyuko. Ndikufuna ndimuone mayi mnzangayo ndi maso anga, ndimumve akulira ndikumuyang'ana.

Kalata yanu ya m'jekete ndaiwerenga kanayi. Pamene mwalemba za balani lakale ndinalira, amuna anga, kulira kumene anandiletsa mu Febuluwale kuja. Ndinalira mokweza, achimwene anaimitsa makina, ndipo palibe anandiletsa. Mwati mwana wathu munamutcha dzina mumtima. Inenso ndinamutcha, tsiku loyamba lomwe, ndikumuyamwitsa. Miyezi isanu ndi itatu tinakhala nyumba imodzi, aliyense ndi dzina lake m'kamwa, osauzana.

Musalilembe papepala. Ndikubwera Lachiwiri pa lole ya mkaka. Mudzandiuze lanulo ndi pakamwa, inenso ndidzakuuzani langa.

Ndine mkazi wanu,
Keziya